Lufeyo ndi Waya wa Pangalande

Kunali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene ankakhala m'tauni ina yomangidwa m'mbali mwa phiri. Matauni oterewa mumawadziwa. Maziko a nyumba ya mnzako ali pamwamba pa denga lako, maziko a yako nawonso ali pamwamba pa denga la wina, ndipo madzi amene wasambira wakumtunda, wakumunsi ndiye amawaona akudutsa.

Lufeyoyu sanali mwini nyumba ayi. Anali kapitawo, woyang'anira malo a bwana wina, a Chidothi, amene ankakhala kutali n'kumabwera mwa apo ndi apo. Malowo anali otere: kutsogolo, moyang'ana msewu, kunali mashopu atatu. Ina inali saluni ya atsikana oluka tsitsi, ina ya telala wachikulire, a Twaibu, ina ya okazinga tchipisi. Kuseri kunali mdadada wa zipinda za lendi zisanu ndi zitatu. Tsono madzi onse a pamalopo, otsukira mbale, ochapira, osambira, ndi a mvula otsika pamalata, ankakumana m'ngalande imodzi ya simenti. Ngalandeyo inkadutsa pakhomo pa mashopu aja n'kukalowa m'kalavati, paipi yaikulu ija yodutsa kunsi kwa msewu, kenako n'kupitirira kumunsi.

Pakamwa pa kalavatiyo a Chidothi anaikitsapo waya wolimba wa felemu yachitsulo, woti ukhoza kuutukula n'kuubwezera ngati chitseko. Tsiku limene ankamulemba ntchito Lufeyo, anamutengera pomwepo n'kumulozera ndi ndodo.

"Lufeyo, ntchito yako yaikulu ndi iyi. Madzi azidutsa, zinyalala zizitsala. Loweruka lililonse uzifukula zimene zatsala pawayapa, uziika mu wilibala, uzikataya kudzenje kuseri uko. Usamadikire kuti zichuluke."

"Ndamva, bwana."

Koma dzenjelo linali kumtunda kwenikweni kwa poloti, ndipo kukankha wilibala ya matope pachikweza si masewera.

Chaka choyamba Lufeyo anagwira ntchito monga anauzidwira. Loweruka m'mawa, fosholo m'manja, nsapato zamphira kumapazi. Zimene ankatola pawayapo mukhoza kuziganizira nokha: tsitsi la meshi lochokera kusaluni, tizidutswa ta nsalu ta a Twaibu, makoko a mbatata, mafuta a tchipisi oundana ngati sopo, majumbo, timabotolo, nthawi zina ndi thewera la mwana limene wina waponya mobisa. Wilibala imodzi, zikachuluka ziwiri, ntchito yatha. Inali ntchito yonunkha koma yaifupi. Ikamakwana naini koloko, munthu anali atasamba kale.

Koma munthu ndi munthu. Loweruka lina kunali maliro. Linzake kunali ukwati wa mlamu wake. Lotsatiralo msana unkawawa. Mwezi unatha wilibala ili chafufumimba kuseri, ndipo pawaya paja panaunjikana mulu.

Tsiku lina masana mu Novembala kumwamba kunada. Inabwera mvula yamkokomo ija yoti wolankhula naye sukumumva. Madzi anatsika, anafika pawaya, anapeza potseka, anayamba kukwera kulunjika pamakomo a mashopu. Lufeyo anathamanga mtima uli m'mwamba, anagwira waya uja n'kuutukula. Abale anga, zimene anaona! Mulu wa mwezi wathunthu unangoti khuu, kulowa m'kalavati, osatsala ndi jumbo limodzi lomwe. Mvula itakata, ngalande inali mbee, simenti ikuoneka ngati angoimanga dzulo.

Anaima pamenepo madzi akudontha m'malaya, n'kunena chamumtima, "Kani mvula ndi waganyu wabwino chonchi? Nanga ine ndimadzithyolera msana chifukwa chiyani?"

Ulendo woyambawo tinene kuti anachita ndi mantha. Wachiwiri sanachite ndi mantha. Wachitatu anachita kukhala pakhonde kuyang'ana mitambo. M'chilimwe, zinyalala zikachuluka pawaya, ankazikokera pambali n'kuzivundikira ndi lata lakale kuseri kwa shopu ya tchipisi, zizidikira nthawi yake. Chizimalupsa chikangogwa, iye panja, waya m'mwamba, fosholo ikuponyera zonse m'madzi othamanga.

Anthu obisala mvula m'makonde ankamuona, ndipo ankamutama. "Taonani a Kapitawo aja. Anzawo athawira m'nyumba, iwo ali pantchito mvula ili pamsana. Anthu otere anatha." A Chidothi akabwera ankapeza ngalande yoyera, ankamwetulira, mpaka tsiku lina anabweretsa malandilodi anzawo awiri kuti adzaone. Lufeyo anaima pambali, manja kumbuyo, akumva kukoma.

A Twaibu okha ndi amene anamufunsapo tsiku lina, ulusi uli kukamwa.

"A Kapitawo, kodi zinyalala zanu zili ndi miyendo? Wilibala yachita dzimbiri, koma ngalande ili mbee."

"Zimapita kumtsinje, a Twaibu. Mtsinje ndi waukulu."

"Eya, ndi waukuludi," anatero a Twaibu, osadzutsa mutu pamakina.

Tsono tiyeni tiwatsatire madzi aja. Akatuluka m'kalavati ankathamanga kudutsa nyumba zisanu, kenako chitsetse chinkatha, malo n'kukhala athyathyathya, ndipo ngalande inkakhota. Pokhotapo, madzi ankafika atatopa, ndiye chilichonse chimene anyamula ankachitula pomwepo. Ndipo pomwepo panali tiyirumu ya mayi Nachanza.

Mayi Nachanza anali mayi wa ana anayi, wonenepa bwino, wa nthabwala zosatha. Kachipinda kamene ankachita lendiko ndiko kanali munda wawo, ndiko kanali khasu lawo. M'mawa tiyi wamkaka ndi masikono, masana mpunga wa nyemba. Akabaza onyamula anthu panjinga, aganyu a kumsika, alonda ochokera kuntchito, onse ankathera pamabenchi awo awiri. Ndipo Lufeyo naye ankamwa tiyi pomwepo m'mawa uliwonse, pakuti ankapemphera mpingo umodzi ndipo ankaitanana achimwene ndi achemwali.

Nthawi zambiri ankawapeza kuseri, nsungwi yaitali m'manja, akutokosa m'ngalande.

"Achimwene, ndiuzeni mankhwala anu. Kwanu kuja ntchentche imachita kupempha chilolezo isanatere. Kuno ndimatokosa m'mawa, ndimatokosa madzulo, koma mvula ikangogwa ndiye ngati tauni yonse yandisanzira pakhomo."

"Anthu akumtunda ndi auve, achemwali," ankayankha Lufeyo, akutakasa shuga. "Alibe chisoni."

Mwina mufunsa kuti kodi ankadziwa? Ankadziwa monga munthu amadziwira kuti dzino layamba kubooka. Sakaliyang'ana pagalasi. Amangotafunira mbali inayo.

Dzinja lachitatu la khalidwe limeneli, mu Januwale, m'taunimo munabuka kolera. Azaumoyo anayamba kuyendera malo onse ogulitsira zakudya, ndipo ankachita bwino, pakuti anthu ankafa. Atafika kwa mayi Nachanza anazungulira kuseri. Anapeza madzi akuda bii ataima, akuchita thovu, phazi limodzi lokha kuchokera pamene ankatsukira makapu. Sanataye nthawi. Anamata pepala pachitseko.

"Mayi, takupatsani masiku asanu ndi awiri. Tikapeza madzi akuyenda, titsegula. Koma tikadzapezanso zoterezi ulendo wina, tidzatseka osatsegulanso."

Madzulo ake mayi Nachanza anakwera chitunda kupita kwa Lufeyo. Nthabwala zinali zitatha. Anakhala pansi pakhonde, osadikira mpando.

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu. M'tauni muno wodziwa za ngalande ndinu. Ine nsungwi yanga yalephera. Akanditsekera mpaka kalekale, ana anayi aja ndilowera nawo kuti?"

Lufeyo anayang'ana pansi. "Mawa ndibwera, achemwali."

Anapitadi, ndipo anakumba masiku atatu. Tsiku loyamba fosholo inkangodumpha ngati yagunda tayala. Anachita kubwereka piki. Zimene zinatseka pokhota paja sizinali matope wamba. Tsitsi la meshi siliola, abale anga. Linalukana ndi majumbo, linalukana ndi nsalu, mafuta a tchipisi n'kumata zonse pamodzi mpaka kukhala chinthu chimodzi cholimba ngati chiguduli. Ndipo Lufeyo akang'amba chidutswa n'kuchitembenuza, ankachidziwa. Ankachidziwa monga mayi amadziwira malaya a mwana wake pachingwe cha eni. Kansalu kobiriwira kamizeremizere aka ndi ka mayunifolomu amene a Twaibu anasoka chaka chatha. Kofiira aka ndi ka madiresi a operekeza ukwati uja. Chilichonse chimene ankafukula anali atachigwirapo kale ndi fosholo yomweyo.

Mayi Nachanza anali pambali pake, akunyamula matope ndi ndowa. Anakoka chingwe cha tsitsi chotalika ngati mkono n'kuchitukula m'mwamba.

"Taonani, achimwene! Mutu wanga uno wa duku unalukidwapo meshi liti? Kapena ndimayenda kutulo kukapanga za atsikana?"

Anaseka okha. Lufeyo anayesa kuseka koma zinakanika.

"Saluni ndi zambiri kumtundaku," anatero.

Koma pamzere wa ngalande imeneyo saluni inali imodzi yokha.

Tsiku lachiwiri anthu anaima pamsewu, atagwira mphuno, kuonerera. Amayi ena awiri ankalankhula mokweza dala.

"Ndiye amuna athu ankamwa tiyi wa madzi amenewa?"

"Uve, amwali. Kumangoseka ndi makasitomala kutsogolo, kuseri kuli chimbudzi."

Mayi Nachanza anamva. Anawerama n'kumadzaza ndowa ngati sanamve. Lufeyo naye anamva. Nthawi imeneyo n'kuti atagwira kansalu kobiriwira kaja. Mawu anafika pamilomo penipeni. Akanangonena kuti, "Amayi inu, uve umenewu si wawo." Koma anakagwetsa kansaluko, n'kukapondereza m'matope ndi chidendene mpaka kusowa.

Tsiku lachitatu madzi anayenda. Azaumoyo anabwera, anaona, anamatula pepala lija, n'kukumbutsanso mawu awo aja. Tiyirumu inatsegulidwa, ngakhale benchi imodzi inkakhala yopanda munthu, pakuti ena anali atazolowera kale kwina.

Lamulungu lake kutchalitchi, nthawi ya maumboni itakwana, mayi Nachanza anaimirira atavala duku loyera.

"Abale ndi alongo, ine ndaima kuthokoza Mulungu chifukwa cha mbale wathu a Lufeyo. Anthu akumtunda anandithira zonyansa zawo, anthu a pamsewu anandiseka, koma bambo awa analowa m'matope mpaka m'mawondo masiku atatu, osadandaula. Achimwene, taimirirani anthu akuoneni."

Lufeyo anaimirira. Mpingo wonse unaomba m'manja, amayi n'kululutira. Lufeyo anaona ngati malaya ake asanduka a minga. Chitonzo chimapweteka, koma kutamandidwa ndi munthu amene wamulakwira kumaotcha kuposa pamenepo. Atakhala pansi analonjeza chamumtima kuti, "Loweruka likubwerali ndiyambiranso wilibala. Palibe adziwe, ndipo zithera pomwepo."

Masabata amenewo kunachita ng'amba. Mvula inali isanagwe kwa masabata atatu, ndiye pawaya pa Lufeyo panali mulu, kunsi kwa lata kuja mulu winanso. Loweruka litafika anakatembenuza wilibala, n'kupeza gudumu lagwirana ndi dzimbiri, silikuzungulira. Anati, "Lolemba ndikakonzetsa." Lolemba wokonza sanapezeke. Lachiwiri masana kumwamba kunada.

Mphepo inayamba, malata anayamba kulira, kenako mvula inakhuthuka ngati yasungira mkwiyo wa masabata atatu. Madzi anakokolola mulu wa kunsi kwa lata uja n'kuuphatikiza ndi wa pawaya. Panatsekeka ndithu. Madzi anayamba kukwera.

Lufeyo anathamangira pomwepo monga mwa masiku onse, ndipo dzanja linafika lokha pafelemu, pakuti linali litazolowera. Apo ndi pamene anaima. Anadziwa bwinobwino zimene zichitike. Akatukula, mashopu apulumuka, dzina lake lipulumuka, koma mulu wonsewu ukatsikira pokhota paja, ndipo azaumoyo ananena kuti kachiwiri sadzatsegulanso. Akapanda kutukula, madzi alowa m'mashopu, a Chidothi abwera, ndipo afunsa.

Atsikana a musaluni anatulutsa mitu pakhomo.

"A Kapitawo, mukudikira chiyani? Tsegulani!"

"Tsegulani ngati masiku onse, madzi akulowa!"

Ngati masiku onse. Mawu amenewo anamulasa. Kani ankadziwa? Kani onse aja ankamutama m'makonde ankaona bwinobwino chimene akuchita, n'kumangokhala chete chifukwa pakhomo pawo pankauma?

Anachotsa dzanja pafelemu. Anagwada m'madzi, bondo limodzi kutsamira waya kuti usatukuke, n'kuyamba kukumba ndi manja, kuponyera zinyalala kumtunda kwa msewu. Akachotsa dzanja limodzi, madzi ankabweretsa manja khumi. Ntchito ya masabata atatu siyitheka pa mphindi zisanu. Madzi anafika m'chiuno ali chogwada, anasefukira, analowa musaluni, analowa mwa tchipisi, analowa mwa a Twaibu. Ndipo sanali madzi oyera. Analowa ndi makoko ake, ndi majumbo ake, ndi matewera ake. A Twaibu anakweza makina patebulo, koma nsalu za eni zimene zinali m'katoni pansi zinamira.

"Tsegula, iwe!" anakuwa wa tchipisi. "Wapenga?"

Lufeyo sanatsegule.

Mvula itakata anthu anadzadza pamsewu. Wina anawaimbira foni a Chidothi. Asanafike n'komwe, Lufeyo anaona munthu akukwera chitunda ndi ndowa ndi tsache. Anali mayi Nachanza.

"Achimwene, ndamva kuti kwanu kwalowa madzi. Kwanga lero adutsa bwinobwino, oyera ngati a pampopi. Munandithandiza inu, lero ndi nthawi yanga. Tiyambire pati?"

Lufeyo sanathe kuwayang'ana. Anangoloza mwa a Twaibu.

A Chidothi atafika anayenda shopu ndi shopu. Kenako anaima pangalande n'kumuitana.

"Lufeyo, zaka zonsezi madzi sanalowepo muno. Lero chachitika n'chiyani?"

Atsikana a musaluni anayang'ana kumbali, pakuti nawonso sankafuna kuti zambiri zituluke. Njira yothawira inalipo, ndipo amene anaitsegula anali mayi Nachanza omwewo.

"Bwana, musawakalipire bambowa. Mvula yake inali yoopsa. Munthu wakhama ngati ameneyu simudzamupezanso, ine ndine mboni."

Lufeyo anaima pakati pa anthu, matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tsitsi la meshi litamata pamkono. Akanangogwedeza mutu, nkhani ikanatha. Koma anamva kuti akameza bodza limeneli, limutsamwa mpaka kumanda.

"Bwana, madzi alowa chifukwa lero sindinatukule waya."

"Waya sutukulidwa mvula ikugwa. Ukutanthauza chiyani?"

"Ine ndakhala ndikuutukula, bwana. Madzinja atatu. Kudzenje kuja ndinasiya kale kupitako. Ndimaunjika, mvula ikabwera ndimatsegula, zonse zimapita kumunsi." Anatembenukira kwa mayi Nachanza. "Zimene tinafukula kwa mayi awa, zonse zija, zinachokera pano. Ndinaziponya ndine."

Mayi Nachanza anatsitsa tsache pang'onopang'ono.

"Tabwerezani, achimwene. Mwina m'makutu mwanga mwalowa madzi."

"Ndine, achemwali."

"Tsitsi lija?"

"Ndine."

"Ndiye m'mawa uliwonse munkakhala pabenchi yanga, ine ndikutokosa ndi nsungwi, inu mukutakasa shuga? Unkakoma tiyiyo?"

Mayi Nachanza anapitiriza.

"Amayi aja atanditcha wauve pamsewu, inu munali kuti?"

"Ndinalipo."

"Munalipo." Anagwedeza mutu. "Ndipo ine ndinachapa duku langa loyera, ndinasita, ndinakaima pamaso pa mpingo kukuimiritsani kuti anthu akuombereni m'manja. Mwandichititsa chitsiru pamaso pa Mulungu, a Lufeyo."

Sanatinso achimwene. Anakhuthula madzi a m'ndowa, anatola tsache lawo, n'kutsika chitunda osacheuka. Lufeyo akanakonda akanamumenya mbama.

A Chidothi anayang'ana waya uja. Kenako anati, "Ndikakuchotsa ntchito, upita kukatukula waya kwina. Ukhala pompano, pamene aliyense akukudziwa." M'mawa mwake anabweretsa wowotcherera zitsulo, n'kuwotcherera felemu ija kuti isadzatukukenso. Aliyense wodutsa ankafunsa chifukwa chake, ndipo wofotokoza sankasowa. Akabaza anamupatsa dzina. Akamuona akukankha wilibala pachikweza ankakuwa, "A Tsegulani, mitambo iyo yada, bwanji osadikira?" Iye ankangowerama n'kumakankha.

Azaumoyo anabweranso kawiri dzinja limenelo kwa mayi Nachanza, ndipo kawiri konse anapeza madzi akuyenda. Tiyirumu sinatsekedwe. Ana anayi aja anapitiriza kudya. Ngati mayiwo anadzamukhululukira Lufeyo, zimenezo ndi za iwo ndi Mulungu wawo. Nkhani yanga yathera apa.

Tsono abale anga, tanthauzo lake nali, ndipo ndi limodzi lokha. Zoipa zimene munthu wakana kuzinyamula kupita nazo kwa Ambuye sizisowa ayi. Zimatsikira kwa wina wakumunsi.

Tonse tili pachitunda, ndipo aliyense wa ife ali ndi wakumunsi wake. Bambo, mwanyozedwa kuntchito Lolemba, mwasunga. Mwachita nsanje Lachitatu, mwasunga. Mwanama Lachisanu, mwavundikira ndi lata. Simunagwade ndi tsiku limodzi lomwe kunena kuti, Ambuye, ndanyamula zonyansa, ndilandireni. Mukudikira mvula. Ndipo mvula imabwera: ndiwo zachepa mchere, mwana wataya madzi pamkeka. Pamenepo waya m'mwamba, zonse khuu, pa mkazi wanu. Mukatero mumapepukidwa, mumagona tulo tabwino, Lamulungu mumaimba kuposa tonse. Nanga mayi aja apita nazo kuti? Nawonso ali ndi wakumunsi wawo, kamwana ka zaka zisanu kamene sikadziwa chimene kalakwa.

Amayi, nanunso musaloze abambo. Mumasunga mangawa miyezi isanu ndi umodzi, kudikira msonkhano wa chigwirizano cha amayi kapena tsiku la maliro, n'kukhuthula zonse pa mnzanu mmodzi anthu akuona. Pobwerera mumati, "Ndanena zakukhosi, mtima wanga wayera." Wayeradi. Koma mnzanu uja wapita kwawo atasenza chiyani?

Kupepukidwa si kuyera, abale anga. Lufeyo anapepukidwa madzinja atatu, anthu akumutama, ali wakuda. Anayamba kuyera tsiku limene anaima m'matope anthu akumuseka. Manyazi a kulapa ndi owawa, sindikunamizani, ndipo ena amene tinawalakwira sadzatimwetulira msanga. Koma akadamachotsa pang'onopang'ono, wilibala imodzi pa sabata, manyazi aakulu aja sakanamufikira, ndipo mayi wosalakwa sakanatchedwa wauve pamsewu.

Ambuye anatikonzera kale kotayira. Ndi pamtanda, ndipo njira yake ndi yachikweza, n'chifukwa chake timaizemba. Koma kumeneko kokha ndi kumene zonyansa zathu zimathera osagwera munthu wina. Pitani nazo zidakali zochepa. Pitani nazo lero, mawa mupitenso.

Ndipo tisanaimirire kupemphera, aliyense atchule chamumtima dzina la munthu amene wakhala akulandira zotsika kwa iye. Mukumudziwa. Ena mwabwera naye limodzi, mwakhala naye benchi imodzi. Musadikire kuti adzakufunseni. Mukatuluka muno, kamuuzeni ndi pakamwa panu kuti, zija unkasenzazi zinali zanga.